Bala Lobisa Ndilo Limachotsa Wovina m'Bwalo

Ana anga a kwa Lukwa, anyamata ndi atsikana amene mapazi amakuyabwani ng'oma ikangolira, pali nkhani imene ife akuluakulu timaidumpha tikamakuphunzitsani gule. Timakuuzani za sitepe, za nyimbo, za kavalidwe, za ulemu pamaso pa mafumu. Tikafika pa thupi limene limasenza zonsezo timangoti "limba, ndiwe mwamuna," kapena "usatichititse manyazi pagulu." Mawu amenewa atsimphinitsa ovina ambiri amene ife tinathamangira kunena kuti awalodza. Mfundo yanga ndi imodzi: wovina amene amabisa ululu, ludzu ndi chizungulire pofuna nthungululu za lero ndiye amayambirira kuchoka m'bwalo, ndipo kumvera thupi ndi gawo la luso la kuvina, monga kumvera ng'oma.

Kumaiko ena kuli madokotala amene ntchito yawo yonse ndi kusamala matupi a ovina. Ku New York kuli Harkness Center for Dance Injuries imene inatsegulidwa mu 1989, ndipo mu 1990 madokotala, aphunzitsi a magule ndi ovina anakhazikitsa bungwe la International Association for Dance Medicine and Science kuti azigawana zimene apeza. Ku Britain, kafukufuku amene anatuluka mu 2005 anaonetsa kuti mwa ovina 10 aliwonse, pafupifupi 8 anali atavulalapo m'chaka chimodzi chokha. Awatu ndi anthu ovinira m'nyumba, pa matabwa oyalidwa mwaluso kuti phazi lizitera pofewa, odya mokhuta, dokotala ali pafupi. Atafunsidwa chimene chinawavulaza, ambiri anatchula kutopa, kugwiritsa thupi ntchito mopyola muyeso, ndi bala lakale limene anabwerera nalo kukavina lisanapole. Ngati kwa iwo zili choncho, kuli bwanji mnyamata wa mganda amene akuponda dothi louma gwa la mu Okutobala, m'mimba muli phala la m'mawa lokha?

Nyengo yathu ya magule imapeza thupi la mlimi wa fodya litafinyika kale. Fodya akapita ku Chinkhoma, ndalama zikalowa m'midzi, zonse zimayambira pamodzi: ziliza, zinamwali, maukwati, kulonga mafumu, mipikisano ya mganda, ndipo kumapeto kwa Ogasiti ena amakwera malole kupita ku Mkaika ku Katete kukavina pa Kulamba pamaso pa Kalonga Gawa Undi. Pofika Seputembala nazale zafesedwa kudimba, ndipo mbande sizidikira kuti gule athe. Mnyamata amadzuka kusanache, makeni awiri m'manja, kuchoka pachitsime kupita pabedi, kubwerera, kupitanso, mpaka dzuwa kuswa mtengo. Wina akugalauza nthaka youma, wina akusenza mitengo ya chigafa. Masana amangodzithira madzi mothamanga n'kupalasa njinga ulendo wa kubwalo. Omuona akulowa amayesa akuyamba kumene, chikhalirecho miyendo ndi msana zagwira kale ntchito ya tsiku lathunthu, ndipo madzi amene anataya m'thukuta kudimba kuja sanawabwezere.

Choopsa kwambiri pamenepa, choposa kuthyoka mwendo, ndi kutentha kwa m'thupi, chifukwa kumapha. Minofu ikamagwira ntchito, mphamvu ya chakudya imene imasanduka kudumpha ndi kutembenuka ndi gawo limodzi chabe mwa magawo anayi kapena asanu. Yotsalayo imasanduka kutentha. Thupi limafuna kukhala pa madigiri 37, ndipo limadziziziritsa ndi thukuta. Koma kungotuluka kwa thukuta sikuthandiza. Limaziziritsa likamauma pakhungu ndi mphepo. Wovina mwamphamvu padzuwa akhoza kutaya lita imodzi kapena malita awiri pa ola. Akangotaya magawo 2 pa 100 a kulemera kwake, amene kwa mnyamata wa makilogalamu 60 ndi madzi opitirira pang'ono lita imodzi, mphamvu zimachepa, mtima umathamanga, sitepe imayamba kuphonya. Kutentha kukapyola madigiri 40, ubongo umasokonezeka, chiwindi ndi impso zimayamba kuonongeka. Tsoka lake, zizindikiro zake zimanyenga: munthu amadzandira, amalusa popanda chifukwa, amayankhula zosamveka, amasochera m'bwalo lakwawo lomwe. Anthu amaseka kuti waledzera, ena amati gule wamukwera, oimba ng'oma n'kuwonjezera moto.

Za kudambwe sizilembedwa papepala, ndipo ine sindiyambitsa zimenezo. Ndikunena zimene aliyense woima m'mbali mwa bwalo amaona ndi maso ake: chilombo chimatuluka chitakutidwa ndi nthenga, ziguduli, nsanza ndi zikopa, china chitamatidwa matope kapena phulusa thupi lonse, ndipo zikuluzikulu ngati chimkoko, kasiyamaliro ndi njovu n'zotsekeka moti mphepo ilibe polowera. Chokutidwa chotero sichitaya kutentha msanga, kaya chachokera kuti. Tsono inu atsabwalo ndi akunjira, amene mwambo unakupatsani udindo woweta zilombo, mbali ina ya udindowo ndi kudziwa nthawi yochibweza chilombo kuliunde, amayi akadaimba, ndalama zikadagwa. Chikayamba kudzandira ndi kuphonya mbalule imene chinkaitsata bwinobwino, chichotseni, musadikire kuti chigwe. Ndipo kwa aliyense wogwa ndi kutentha, kaya wa mganda kaya wa chimtali kaya kobisika kuja, lamulo la madokotala a zamasewera n'lakuti kuziziritsa kuyambe pomwepo, ulendo wa kuchipatala utsatire. Mugonekeni pamthunzi, masulani zonse zomukuta, muthireni madzi ozizira thupi lonse osalekeza, wina akupepeza ndi lichero kapena chitenje. Mphindi 30 zoyambirira ndizo zimalekanitsa kuchira ndi maliro. Wokomoka musamumwetse kanthu angatsamwe, mugonekeni chammbali.

Ndamvapo anyamata akunena kuti madzi amalemetsa m'mimba ndipo amabaya m'nthiti munthu akamadumpha. Pali choona chake: ukagugudiza chikho chathunthu nthawi imodzi n'kulowa m'bwalo, udzamvadi kubaya. Koma mankhwala ake ndi kumwa mokwanira kukadali maola awiri kapena atatu gule asanayambe, kenako kumamwa pang'onopang'ono pakati pa nyimbo. Thobwa wozizira ndi wabwino koposa, chifukwa muli madzi ndi chakudya pamodzi. Amayi amene ankaika mtsuko wa thobwa m'mbali mwa bwalo sankangochereza alendo ayi. Amene watuluka thukuta maola ambiri wataya mchere, ndipo paketi ya Thanzi imene timaisungira mwana wotsegula m'mimba imamuthandiza iyenso. Ikasowa, lita imodzi ya madzi aukhondo, timasupuni 6 ta shuga tosasefukira ndi theka la kasupuni ka mchere zimagwira ntchito yomweyo. Chipimo chake muli nacho nonse: mkodzo wotuwira ukusonyeza kuti madzi alimo, wachikasu chakuda ukusonyeza kuti thupi lauma. Ndipo amene ali ndi malungo, kapena wangomaliza kumene kumwa LA, kapena anatsegula m'mimba dzulo, asalowe m'bwalo. Thupi lake latentha kale ndipo lauma kale. Akhale pansi aombe m'manja, gule wina akubwera.

Nkhani ya mowa ndiyo imakwiyitsa ambiri, koma sindiizemba. Amati kachasu amachotsa manyazi, amapatsa mphamvu, amafewetsa chiuno. Manyazi amachotsadi. Mphamvu sapatsa: amangotseka khutu limene munthu amamvera nalo thupi lake. Mowa umatulutsa madzi kudzera m'mkodzo pa nthawi imene thupi likuwafunitsitsa, umachedwetsa uthenga wochoka kuphazi kupita kuubongo, ndipo kutera bwino ukadumpha kumadalira uthenga umenewo. Boma linaletsa masacheti, koma mowa womwewo unabwerera m'timabotolo tokwana m'thumba la kabudula. Chamba nacho chimachita chimodzimodzi pa kuyeza mtunda ndi liwiro. Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri masiku ano ndi chizolowezi chatsopano chomwera mapiritsi a ululu, bufeni kapena indosidi wa pagolosale, gule asanayambe, kuti bondo lopweteka lisamveke. Mapiritsi amenewa amachepetsa magazi opita kuimpso, ndipo akakumana ndi thupi louma, dzuwa ndi mowa, impso zikhoza kuima. Wovina akaona mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka tsiku lotsatira, minofu ikupweteka modabwitsa, apite kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa nthawi zambiri ndiye kuti minofu yaphwanyika ndipo zinyalala zake zikutseka impso. Makina otsuka magazi ali m'zipatala zochepa zedi, ngati Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queens ku Blantyre, ndipo odikira makinawo ndi ambiri.

Palibe woimba ng'oma amene amatenga mbalule yozizira n'kuyamba kuimenya. Amasonkha kamoto ka mapesi, amaiwamba, amaigogoda ndi chala kumvetsera, amaibwezanso pamoto mpaka mawu ake atakwera. Koma wovina amatsika panjinga, kapena amadzuka pamene anakhala maola awiri kudikira mafumu, n'kulowa m'bwalo ndi kudumpha kwake kwakukulu. Mnofu wofunda umatamuka ndi kukokana msanga. Wozizira umang'ambika, makamaka wa kuseri kwa ntchafu ndi wa katumba. A mpira anaziyesa izi mwadongosolo. Ndondomeko yotenthetsa thupi ya mphindi 20 yotchedwa FIFA 11+ inapezeka kuti imachepetsa kuvulala ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu m'matimu amene amaitsata mokhulupirika. Mulibe chida chogula m'menemo: kuthamanga pang'onopang'ono, kunjuta, kuima ndi mwendo umodzi, kudumpha n'kutera mawondo atapinda pang'ono, bondo lili pamwamba pa zala osagwera m'kati. Wovina achite zomwezo kuseri kwa nyumba kwa mphindi 10 kapena 15, mpaka kathukuta kayambe, kenako ayese sitepe za gule wake mofatsa asanazichite mwamphamvu. Kudzikoka kwanthawi yaitali, kuja kogwira chala cha kuphazi n'kukhala chete, kusungireni pomaliza gule.

Bwalo nalo limavulaza. M'chilimwe dothi lopondedwa zaka zambiri limauma ngati simenti, ndipo pa kutera kulikonse phazi, bondo ndi msana zimalandira kulemera kwa thupi kangapo. Matabwa ofewa aja sitingawapeze, koma tsache tili nalo: kusesa minga, misomali, magalasi a mabotolo ndi zitsa, kukwirira maenje, kuwaza madzi m'mawa kuti pamwamba pafewe. Ndikudziwa kuti fumbi ndi ulemerero wa gule, ndipo chilombo chosautsa fumbi anthu amachinyoza. Sindikuti litheretu. Ndikuti wa mphumu asaime kumene mphepo ikupita, ndipo wotsokomola milungu iwiri akayezetse makhololo m'malo monamizira fumbi la kubwalo. Bala la msomali kapena la munga kuphazi, ngakhale laling'ono, litsukidwe ndi madzi ndi sopo nthawi yomweyo, osathira dothi kapena ndowe, ndipo mwini wake akafunse za jakisoni wa kafumbata, pakuti tizilombo take timakhala m'nthaka momwemo.

Kuvulala kumene kumachitika kawirikawiri kwa ovina kulikonse ndi kubinya kakolo. Phazi limatera chammbali, limapindikira m'kati, ndipo timitsempha tomanga mafupa kunja kwa kakolo timatamuka kapena kuduka. Zimene timachita pamenepo pafupifupi zonse n'zolakwika. Wina amagwira phazi n'kulikoka kuti "libwerere m'malo," agogo amabwera ndi madzi otentha kudzathowa, wina akufuna lezala kuti ateme mphini, ndipo mwini wake, poopa kusekedwa, amalimanga ndi lamba n'kubwerera m'bwalo. Kutupa kuja ndi magazi amene akutuluka m'kati. Kutentha ndi kutikita pa tsiku loyamba kumawonjezera kutulukako. Choyenera ndi kusiya kuvina pomwepo, kuviika phazi m'madzi ozizira a mumtsuko kapena a pamjigo, kulimanga ndi nsalu mosafinya kwambiri, ndi kulikweza pamwamba pogona. Madokotala a ku Ottawa ku Canada anapeza mu 1992 njira yosavuta yodziwira amene ayenera kukajambulidwa: ngati munthu sangathe kuyenda mapazi anayi, kapena ukasindikiza pa fupa lenileni la kakolo chakumbuyo kwake alira, apite kuchipatala, mwina fupa lathyoka. Ngati sichoncho, pakapita masiku awiri kapena atatu ayambe kuliyendetsa phazilo ndi kuliponda pang'onopang'ono, chifukwa kuligoneka mwezi wonse kumalifooketsanso.

Apa ndi pamene ambiri amagwera. Ululu umatha msanga kuposa bala. Pakapita sabata munthu amayenda bwino, amayesa wachira, koma timitsempha tija sitinalumikizane mokwanira, ndipo phazi laiwala kudziwitsa ubongo mmene lapondera. Ndiye chifukwa chake wobinya kamodzi amabinyanso pomwepo, kachiwiri, kachitatu, mpaka kakolo kamasanduka kolobodoka moyo wonse, anthu n'kumati pali amene anamutchera pabwalo. Mankhwala ake ndi otsika mtengo moti anthu sawakhulupirira: kuima ndi mwendo wovulalawo wokha tsiku lililonse, poyamba maso ali otsegula, kenako otsinzina, kenako pa thumba la chimanga kapena pamchenga, kwa milungu ingapo. Abwerere m'bwalo pokhapokha atatha kudumphadumpha ndi mwendo umenewo mofanana ndi unzakewo popanda ululu. Pali bala linanso losaoneka, lobwera mwakachetechete: kupweteka kwa msongolo kapena pamwamba pa phazi kumene kumayamba pomaliza gule, kenako pakati, kenako ngakhale poyenda. Munthu akatha kuloza ndi chala chimodzi pamene pakupweteka pafupa, kawirikawiri ndiye kuti fupalo lachita mng'alu chifukwa chopondedwa mosapumira. Limafuna milungu 6 kapena 8 yopuma, ukalikakamiza limathyokeratu. Ana osakwana zaka 16 kapena 17 asamalidwe koposa, pakuti nsonga za mafupa awo zikadali zanthete, ndipo chotupa chopweteka pansi pa bondo la mnyamata amene akukula ndi chenjezo lakuti achepetse kudumpha.

Wina anena kuti makolo athu ankavina usiku wonse popanda zonsezi, ndipo gule sanafe. N'zoona gule sanafe. Koma timakumbukira mayina a amene anavina mpaka imvi; otsimphina amene ankakhala pansi pa mtengo kuonerera anzawo sitinawawerenge. Komanso makolowo anali ndi malamulo amene ife tawataya. Gule ankatuluka pa nthawi yake, pa maliro, pa chinamwali, pa kulonga mfumu, ndipo pakati pake pankapita masiku ambiri opuma. Mwana ankayambira kuomba m'manja ndi kuonerera, magule olemera ankawafikira atakhwima. Lero gulu limodzi likhoza kuvina Lachisanu pamsonkhano wa ndale, Loweruka paukwati, Lamulungu pachiliza, Lolemba pamwambo wa bungwe lotsegulira mjigo, akuyenda pa lole yopanda denga, kudikira mlendo wolemekezeka padzuwa kuyambira 9 koloko mpaka 2 koloko. Chizolowezi chodikira padzuwachi n'chakale ndithu. Amayi a mbumba ankachidziwa bwino m'nthawi ya Kamuzu, amene anali dokotala komanso mwana wa kuno ku Kasungu. Kuchokera pamene UNESCO inalengeza mu 2005 kuti Gule Wamkulu ndi chuma cha dziko lonse lapansi, oitana achuluka, ndipo ndi bwino. Koma oitana akachuluka, mawondo amakhala awiri omwe aja. Amene akufuna kutsata makolo atsate ndi kupuma kwawo komwe.

Chotsutsa cholemera kwambiri ndi cha chinsinsi, ndipo sindichipeputsa. Pali kuvulala kumene anthu amaopa kupita nako kuchipatala kuti angafunsidwe zimene siziyankhidwa. Makanja akagwa, amagwa kuchokera patali. Gologolo amasewera pamwamba pa mtengo. Koma dokotala safuna mwambo wanu. Amafuna kudziwa zinthu zitatu: munthuyu wagwa kuchokera pamwamba bwanji, wamenyetsa pati, ndipo nthawi yanji. "Wagwa kuchokera pamwamba ngati denga la nyumba, wamenyetsa mutu, dzulo madzulo" ndi mawu okwanira, ndipo simunaulule kanthu. Kunama kuti wangopunthwa ndiko kumapha, chifukwa dokotala sayang'ana zimene akadayang'ana. Womenyetsa mutu amene akusanza, akusinza modabwitsa, akuiwala zimene zachitika, kapena akutuluka madzi m'khutu, akhoza kukhala kuti magazi akuundana m'chigaza, ndipo ena amaoneka ngati achira kwa maola angapo asanakomokeretu. Wodandaula khosi kapena dzanzi m'manja ndi m'miyendo asadzutsidwe, asakwezedwe pa kabaza. Agonekedwe pa chitseko, wina atagwira mutu kuti usagwedezeke. Paja mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Za asing'anga ndinene mosakondera. Alipo odziwa kumanga fupa ndi timitengo, ndipo mafupa ambiri amalumikizana okha akangokhazikika. Vuto lili pa fupa limene lasuntha, limene labowola khungu, kapena lathyokera m'mfundo: likakhala milungu itatu kumudzi limalumikizana mokhota, ndipo chimene chikadatha ndi chikhakha chimafuna opaleshoni. Kumanga kothina kwambiri kumatseka magazi, zala n'kuda, mwendo n'kudulidwa. Dziko lathu, posowa madokotala a mafupa, linayamba mu 1985 kuphunzitsa makiliniko ofesala a mafupa, ntchito imene anaiyambitsa Dr Ed Blair, ndipo iwowa ndiwo amathandiza othyoka ambiri m'zipatala za maboma ngati cha Kasungu. Zikakula amatumiza ku Lilongwe, kumene kuli chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION pafupi ndi Kamuzu Central. Akatswiri a mafizo, amene amaphunzitsa mwendo kuyendanso, tsopano amaphunzira konkuno ku Kamuzu University of Health Sciences. Mukachotsa chikhakha funsani za iwo, musangothawira kumudzi. Ndipo amene sangasiye mphini zolimbitsa miyendo, lezala likhale lake lake latsopano, chifukwa lezala limodzi pa anthu khumi limagawa HIV ndi matenda a chiwindi.

Atsikana a chimtali, chitelera ndi chisamba, musayese nkhaniyi ndi ya anyamata okha. Gule wanu amadya chiuno, msana ndi mawondo, makamaka kuja kovina mutanjuta nthawi yaitali, mwana ali kumbuyo. Mtsikana amene amachita chizungulire msanga, mtima kugunda, m'zikope mwayera, kawirikawiri magazi ndi ochepa chifukwa cha msambo, malungo kapena njoka za m'mimba, ndipo kuyezetsa kwake n'kwa mphindi zochepa. Nyemba, soya, mtedza umene timalima tokha, masamba obiriwira ndi usipa zisamangopita kumsika zonse. Woyembekezera amene alibe vuto akhoza kuvina mofatsa pamthunzi, koma akaona magazi, madzi kapena kupweteka kwa m'mimba aleke pomwepo. Oimba ng'oma nawo ali ndi zawo. Ku Uruguay madokotala anapeza kuti anthu omenya ng'oma za candombe ndi manja kwa maola ambiri amakodza mkodzo wofiirira chifukwa magazi amaphwanyikira m'zikhato. Kusinthana ng'oma, kumwa madzi, ndi kupumitsa makutu akayamba kulira okha ndiko kumamusunga woimba mbalule zaka zambiri.

Ena akamva zonsezi adzati ndiye bwanji osangosiya kuvina. Ayi ndithu. Kafukufuku wa zaumoyo wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ambiri osadziwa. Bungwe la WHO limalangiza munthu wamkulu kuti azilimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndipo chimtali chimakwaniritsa zimenezo mosangalatsa kuposa kuthamanga wekha mumsewu agalu akukuuwa. Kuvina kumalimbitsa mtima ndi mafupa, kumathandiza okalamba kuti asamagwe, kumachotsa nkhawa ya ngongole ya feteleza kwa maola angapo. Chifukwa chake n'chomwecho chimene ndikufunira kuti mtsikana wa zaka 18 adzavinebe ali ndi zaka 60.

Chotsala ndi chakuti ntchito imeneyi ikhale ndi mwini wake, popeza ya aliyense imagona panja. Magule a mtundu wa mganda, amene anatengera perete wa asilikali, anali nawo kale udindo umenewu. J. Clyde Mitchell, polemba mu 1956 za gule wa kalela ku Luanshya ku Zambia, anafotokoza kuti gulu la ovina linali ndi "dokotala" wovala mkanjo woyera wa mtanda wofiira, ndi "nesi" woyendayenda ndi kalilole ndi kampango kupukuta ovina. Zinali zokometsera gule chabe, koma ife tiusandutse udindowo kukhala weniweni. Gulu lililonse la kwa Lukwa lisankhe munthu mmodzi wosamwa, wamkulu woti akanena kuti "tuluka" wovina atuluke, ndipo mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo amuphunzitse zoyambirira. Iyeyo aziona kuti ndowa ziwiri za madzi zafika pabwalo ng'oma zisanawambidwe, azisunga nsalu zomangira, sopo ndi mapaketi a Thanzi, azidziwa nambala ya wa njinga yamoto kapena galimoto ya pafupi. Pa ndalama zosupa, musanagawane, patulani kagawo ka thiransipoti ya kuchipatala, ndipo wovulala azilandira gawo lake ngakhale akukhala pansi milungu isanu ndi umodzi, chifukwa ambiri amabwerera m'bwalo bala lili laliwisi poopa kuti anzawo agawana popanda iye.